Nkhuku Yanga ndi Mapemphelo a Apongozi

Apongozi anga aamuna anamwalila chaka chatha, mvula itatsala pang'ono kugwa. Zaka zawo palibe anaziwelenga bwino; iwo anali kunena kuti makumi asanu ndi anayi, ana awo ati onjezani zisanu. Pamalilo anthu analankhula zambili: ati anali mlimi wolimbika, ati mkulu wa mpingo wosadziwa kujomba, ati bambo wa ana asanu ndi atatu amene sanakwezepo dzanja pa mkazi. Zonsezo n'zoona. Koma palibe ananena kuti munthu ameneyu anandinenela kwa Mulungu kwa zaka makumi atatu ndi ziwili, ine ndili pomwepo, nditagwada, maso otseka. Chimenecho ndinena ndine.

Ine ndinakulila ku Lusaka, m'komboni, kumene nshawa, zimene ena amati mtedza, zimabwela m'kapepala zili zokazinga kale. Nditamaliza kuphunzila uphunzitsi ananditumiza kusukulu ina ya ku Magodi, ndipo kumeneko ndinakumana ndi mwana wawo wachitatu, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Titakwatilana anapita nane kumudzi kwawo, ulendo wa ola limodzi pa njinga kuchokela kusukulu. Amama, ndiye kuti apongozi aakazi, anandikhazika pamphasa n'kundiuza malamulo a pakhomo. Ambili ndinawaiwala tsiku lomwelo, koma limodzi linandilowa. M'banja limenelo mkamwana salankhula ndi apongozi ake aamuna, iwonso salankhula naye, kufikila tsiku limene adzamupatsa nkhuku m'manja. Nkhukuyo ikapelekedwa pakamwa pamamasuka, mumayamba kupatsana moni ngati bambo ndi mwana wake.

"Musade nkhawa," anatelo amama. "Yanu yamangidwa kale. Mawa mutiphikile, mkuja adada, apongozi anu aamuna, akupatsani."

Ndinaiona ndi maso angawa: thadzi loyela, lonenepa, lomangidwa ndi luzi pa mwendo wa nkhokwe. Ndinalimwetulila ngati mnzanga.

M'mawa mwake onse anapita kudimba, n'kundisiyila khichini. Ndinati lelo aona kuti mwana wa m'tauni nayenso ali ndi manja. Pofufuza zophikila ndinapeza pakona kamtsuko kovundikila ndi nsalu yoyela, yomanga ndi chingwe pakhosi. Kutsegula, nshawa zofiila, zing'onozing'ono, zosenda kale, zosankha bwino, yowola ngakhale imodzi munalibe. Ndinati, ha, amama awa ndi munthu wabwino bwanji, andisendela kale kuti ndisavutike! Ndinasinja, ndinasefa, n'kutendela mfutso wa nkhwani mumphika waukulu. Zina ndinakazinga kuti alendo azitafuna. Zotsala ndinapanga chiponde, kudzionetsa chabe, palibe anali atapempha chiponde. Kamtsuko ndinakatsuka n'kukavundikila pathandala, nsalu yoyela ndinaichapa n'kuiyanika pachingwe.

Amuna anadyela pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinamva kuti adada aitanitsa ndiwo kawili. Mtima unali m'malo. Kenaka amama anaona kamtsuko pathandala. Anaima, anayang'ana nsalu pachingwe, n'kukhala pansi pa dothi ndi chitenje chawo chabwino.

"Mayo ine, mwana wa eni! Mwatiphikila mbeu!"

Inali mbeu ya amayi awo a adada, imene anabwela nayo pokwatiwa itamangidwa pa nsonga ya nsalu. M'mudzi monse munalibe wina wolima nshawa zimenezo, zofiila, zitatuzitatu m'khoko limodzi. Chaka chapitacho mvula inali itadula msanga, ndiye zimene zinali m'kamtsukomo ndizo zokhazo zinatsala. Adada anazisenda okha, imodziimodzi, ndipo pa Sondo anali kudzazinyamula kupita nazo kutchalitchi kuti zikapempheledwe zisanalowe m'nthaka. Nsalu yoyela ija inali ya ntchito imeneyo.

Palibe anandikalipila, ndipo n'chimene chinandipha. Akanandikalipila ndikanadziwa poyankha.

Pakhomo pamenepo tsiku linali kuyamba ndi pemphelo. Dzuwa likamatuluka aliyense anali kugwada pabwalo, makasu ali pambali, adada n'kupemphela. M'mawa wotsatila anayamba m'Chitumbuka, chimene ine panthawiyo ndinali kumvamo liu limodzi chabe, Chiuta. Ali pakati anatsokomola pang'ono, n'kutembenukila ku Chinyanja.

"Ambuye, tikuthokozani chifukwa cha ndiwo za dzulo. Zinakoma, sitinganame pamaso panu. Ine kapolo wanu ndinaonjezela kawili. Ena amabyala, n'kupalila, n'kukumba, n'kuyanika, miyezi isanu yathunthu, koma ife mwatitumizila nzelu za ku Lusaka zodya munda wonse tsiku limodzi. Dalitsani manja amene anasinja. Muwaphunzitsenso kufunsa. Ameni."

Amuna anga mapewa anali kugwedezeka ndi phwete. Ndinawatsina pantchafu mpaka anati ameni kachiwili. Nditatsegula maso ndinayang'ana kunkhokwe. Luzi linali pansi, thadzi loyela likupalasa kudzala ndi anzake.

Umo ndimo zinayambila. Mwambo unawaletsa kulankhula nane, koma sunawaletse kulankhula ndi Mulungu ine ndikumva. Zofuna Mulungu yekha anali kuzinena m'Chitumbuka. Ndikangomva kakhosomo kaja, Chinyanja n'kuyamba, ndinali kudziwa kuti kalata yafika ndipo ndi yanga. Dzina langa sanalitchulepo. Ndinali "anthu ena", nthawi zina "ena mwa ife".

"Ambuye, munati ndife mchele wa dziko, koma kumbutsani anthu ena kuti simunati authile wonse m'nyemba."

"Ambuye, pali ena mwa ife amene amapalila chimanga ataimilila ngati akulemba pabolodi. Apatseni msana wopindika."

"Ambuye, mwana wathu waonda. Sitikuloza munthu chala. Inu mudziwa amene amamuphikila."

Amuna anga sanaonde ayi, anabadwa choncho, banja lonse ndi la miyendo ngati bango! Koma ndikanauza ndani? Pakamwa panga, amene amandidziwa akudziwa, sipasunga mau usiku ndi usana. Ndiye ndinapeza galu. Adada anali ndi galu wachikasu amene anali kugona pafupi ndi mpando wawo, ndipo ndinayamba kumuyankhila iyeyo.

"Galu iwe," ndinali kutelo ndikusesa pafupi, "ukawauze anzako kuti nyemba zopanda mchele amadya ndi odwala kuchipatala. Wamva?"

Galu anali kungokupiza mchila. Adada anali kutsegula Baibulo lawo lakale la chikuto cha chikopa cha mbuzi, n'kuwelenga mwachidwi tsamba limodzi lomwelo. M'mawa mwake: "Ambuye, tikupemphelela galu wa pakhomo pano, amene akusenza katundu woposa msinkhu wake."

Tsiku lina amama, pofuna kutiyanjanitsa, anapempha kuti mkamwana nayenso apempheleko. Ine kumva choncho mtima unati phaa. Ndinagwada bwinobwino, n'kuyamba: "Atate wakumwamba, inu amene mumakhululuka tsiku lomwelo, osasunga nkhani ya ndiwo chaka chathunthu, inu amene mukamanga nkhuku simumasula..." Sindinamalize. Adada anati "Ameni!" ndi liu lalikulu, onse n'kuvomela, n'kutola makasu. Sanandipatsenso mpata wopemphela pabwalo limenelo.

Mukhoza kuseka, inenso lelo ndimaseka, koma nthawi imeneyo zinali kundiwawa. Akamwana anzanga awili amene anabwela pambuyo panga analandila nkhuku zawo sabata yoyamba. Ndinali kuwaona akugwada pafupi ndi mpando wa adada, akupeleka moni wa m'mawa m'Chitumbuka, "Mwawuka uli, adada?" iwo n'kuyankha, n'kufunsa za ana, n'kuseka nawo. Ine ndikakumana nawo panjila ndinali kupatukila m'thengo, mphunzitsi wathunthu wa giledi seveni, zisoso zikundikakamila m'chitenje. Bambo anga ondibala anamwalila ndili wamng'ono. Ndinali kufuna munthu woti ndimuitane adada iye n'kuyankha, basi. Thadzi loyela lija ndinaliona likuikila, likufungatila, likuyenda ndi anapiye, likukalamba, mpaka linafa lokha ndi chitopa. Ndinalila pobisala kuseli kwa bafa, chifukwa munthu sungauze anthu kuti ukulilila nkhuku.

Anali munthu wouma mutu pa zonse, osati pa ine ndekha. Anzawo onse atayamba kulima fodya n'kufolela nyumba ndi malata, iwo anakana, ati sindingalime chinthu chimene sindingachipemphelele ndisanadye. Ana awo anawanyengelela zaka ndi zaka, osatheka. Ng'ombe zawo ziwili zolimila sizinali kuvala goli pa Sondo, ngakhale mvula yoyamba igwe Loweluka madzulo anthu onse n'kuthamangila kuminda. Akamalima anali kuziimbila nyimbo za m'tchalitchi, ndipo zinazolowela kotelo kuti mwana wawo wamkulu atazibweleka zinakana kuyenda mpaka anayamba kuimba. Kumsika wa Lundazi anali kupita kawili pa chaka, pa njinga, atavala jekete ngakhale kutenthe bwanji, ndipo anali kubwela ndi mchele, sopo ndi maswiti a adzukulu m'thumba la m'kati, atasungunuka.

Nditaona kuti nkhuku siibwela yokha, ndinafunsa amama ngati mbeu ija inatheladi padziko lonse. Anaganiza, n'kunena kuti mlongo wawo wa adada, amene anakwatiwa ku Mwase Lundazi, anapatsidwako kalekale. Sukulu itatsekela ndinauza amuna anga kuti akangotsegula pakamwa abwelela kukadya kwa amayi awo, n'kukwela njinga. Njinga yathu inali ndi gudumu lakumbuyo lopindika, loyenda mokhotakhota, ndipo inandigwedeza masiku awili, kugona paboma kwa mphunzitsi mnzanga. Ndinafika matako atatupa. Azakhali aja anandimvetsela nkhani yonse, anaseka mpaka kutsokomola, anaitana anansi kuti adzaone mkazi amene anatendela mbeu, kenaka anandipatsa manja awili a nshawa zamakoko. Manja awili chabe, ulendo wonsewo!

Ndinabyala kuseli kwa nyumba ya aphunzitsi. Chaka choyamba mbuzi za ahedi a sukulu yathu zinadya theka, ndipo zimene ndinawauza ahedi tsiku limenelo sindingazilembe pano. Chaka chachiwili zinachita bwino. Chachitatu ndinasenda ndekha, imodziimodzi, kutaya zofwapa, mpaka zinakwana kamtsuko. Amama anandibela kamtsuko kaja ndi nsalu yake yoyela. Pa Sondo lina, anthu onse ali kutchalitchi, ndinapalasa njinga kupita kumudzi, ndinaika kamtsuko pakhomo pa nyumba yawo, n'kubwelela. Ndinati akaona adziwa okha, ndipo mawa lake ndimva nkhuku ikulila m'manja mwanga.

Loweluka lotsatila tinapita kukagona kumudzi kuti ndikamve. M'mawa, kakhosomo, Chinyanja.

"Ambuye, ndinu wodabwitsa. Munagwetsa chakudya m'chipululu, lelo mwagwetsa nshawa za amayi anga pakhomo panga, zosenda kale, m'kamtsuko kanga komwe. Palibe munthu angachite zimenezi. Ulemu wonse ukhale kwa inu nokha. Ameni."

Kwa inu nokha! Ine matako anatupa, ndinayambana ndi ahedi, zala zinachita matuza, ulemu wonse n'kupita kumwamba! Tsiku lomwelo anakaimilila kutchalitchi n'kuchitila umboni pamaso pa mpingo wonse, azimayi n'kululutila. Zitafika pamenepo ndikanatani? Kuimilila n'kunena kuti mkulu wa mpingo wanama, chozizwitsacho chinabwela pa njinga? Amama anandigwila dzanja mwamphamvu pabenchi. Madzulo galu anamva zambili, mpaka anadzuka n'kukagona kukhola.

Koma pali pemphelo limodzi limene sindiliseka. Tinakhala zaka zisanu ndi chimodzi opanda mwana. Achibale anayamba kunong'ona, kenaka analeka kunong'ona, ena mpaka kubwela ndi maina a atsikana a m'midzi yapafupi. Pa Khisimasi ina banja lonse litasonkhana, adada anapemphela m'Chinyanja kuyambila pachiyambi, pang'onopang'ono, kuti aliyense amve.

"Ambuye, mkamwana wathu sitinamugule pamsika wa Lundazi kuti tikamubweze. Munatipatsa ndinu. Mukafuna kumupatsa mwana, mupatseni. Mukapanda kufuna, ndi wathu ndithu. Ndipo amene ali ndi maina a atsikana m'matumba mwawo, muwathandize kubwelela nawo kwawo lelo lomwe, dzuwa lisanatenthe."

Anabwelezanso mau omwewo m'Chitumbuka, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Nkhani ija inafela pomwepo. Patapita zaka ziwili tinabeleka mwana wamkazi, kenaka anyamata awili. Ndinati tsopano nkhuku ibwela. Inabwela mbuzi ya mwana, nkhuku ayi.

Zaka zinapita. Galu wachikasu anafa, kunabwela wakuda, nayenso ndinamuphunzitsa ntchito. Chitumbuka ndinachidziwa mpaka kumakangana nacho pachigayo, koma adada sanasinthe, za ine zinali kubwelabe m'Chinyanja. Ana awo anawagulila foni, iwo anali kuisunga m'Baibulo yozimitsa, ati ikalila pakati pa pemphelo ndiyankhe uti. Nshawa zofiila anali kuzibyala chaka ndi chaka pa kamunda kawo ka pachulu, ndipo chaka chilichonse, posenda mbeu, anali kukumbutsa Ambuye za chozizwitsa chija, ine mano ali gwa.

Amama atamwalila, Chinyanja chinatha. Miyezi inayi anapemphela m'Chitumbuka chokha, mwachidule, liu lili pansi. Ine ndinali nditapuma ntchito, tinasamukila kumudzi kuti tiziwasamala. Ndinathila mchele wambili dala, osanena kanthu. Ndinapseleza nyemba, anadya chete. Ndinayamba kuchita mantha, ndipo ndinadzipeza ndikulakalaka kunenedwa. Tsiku lina ndinawaphikila phala lamadzimadzi, loti ukhoza kuonamo nkhope. M'mawa mwake ndinamva kakhosomo.

"Ambuye, tikuthokozani chifukwa cha madzi otentha amene tinamwa dzulo. Ena akuti linali phala. Inu mudziwa."

Ndinati ameni mokweza kuposa onse, misozi ili mbwembwembwe, amuna anga n'kumandiyang'ana ngati ndapenga.

M'zaka zawo zomaliza maso anachita khungu pang'ono, miyendo inakana. Anali kukhala pakhonde pa mpando wa chikopa kuyambila m'mawa mpaka madzulo. Amuna anga akapita kumunda tinali kutsala awili, ndiye mapemphelo anachuluka, osadikilanso m'mawa. "Ambuye, kapolo wanu ali ndi ludzu." Ine n'kubwela ndi kapu. "Ambuye, dzuwa lafika pamapazi." Ine n'kukoka mpando. Ndinali kuwasambitsa m'manja, kuwadula zikhadabo, kuwachapila zofunda, koma moni ayi. Pofika apo galu wachitatu anali atafa, ndiye ndinali kuyankhila mphaka.

Chaka chatha, kutatentha, anasenda mbeu yawo monga mwa masiku onse, pogwilitsa zala chabe popeza maso sanali kuona bwino. Inawatengela sabata ziwili. Atamaliza anayamba khalidwe lachilendo. Anapempha Ambuye gaga m'kambale. Ine ndinapeleka, poganiza kuti mwina ndi mankhwala a miyendo. Kutembenuka, awaza gaga yense kuzungulila mapazi awo, nkhuku za mudzi wonse zili pakhonde langa, khonde limene ndinali nditangozila kumene ndi dothi lakuda! Zitosi paliponse. Ndinatenga tsache.

"Shii! Shii! Chokani apa, afiti inu! Mphaka iwe, ukawauze anthu kuti pano si pakhola!"

Mawa lake chimodzimodzi. Gaga, nkhuku, zitosi, tsache. Ndinabisa gaga, iwo anayamba kusunga nyenyeswa za chakudya m'thumba la jekete. Ndikangolowa m'nyumba ndinali kumva akuitana pansipansi, kukukuku, ndipo ndikatuluka ndi tsache ndinali kuwapeza atawelama, manja ali m'munsi, nkhuku zikubalalika.

"Ambuye," anatelo tsiku lachinayi, akupuma movutika, "apatseni anthu ena mtima wokonda zolengedwa zanu, ngakhale kwa theka la ola."

Ndinauza amuna anga kuti adada mutu wayamba kusokonezeka, tiwapeleke kuchipatala. Iwo anati asiye, ndi ukalamba. Ndinapitiliza kuthamangitsa nkhuku sabata yathunthu, ndipo ndinali kuzithamangitsa ndi mtima wonse.

Tsiku lina ndinachedwa kumjigo, pamzele panali anthu ambili. Pobwela ndinapeza pakhonde pali zii, adada akhala chilili, jekete atalikoka kutsogolo, manja onse awili ali m'kati. Jeketelo linali kugwedezeka. Pansi pa kolala panatuluka mutu wa nkhuku ina ya khosi lopanda nthenga, yoonda, yonyansa kuposa zonse za pakhomo, imene ngakhale mphamba anali kuisiya. Ndinatula ndowa kuti ndiyambe kukalipila mphaka. Adada anatsokomola. Ndinadikila kuti anene kuti Ambuye.

"Mkamwana," anatelo. "Bwelani kuno."

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina pali wina. Panalibe. Miyendo inandinyamula yokha, ndinagwada pafupi ndi mpando, pamalo pamene ndinaona anzanga akugwada zaka zonsezo, pa zitosi pomwepo.

"Landilani msanga, yandikala pamimba. Ndinafuna yoyela, koma mwakhala mukundithamangitsila sabata yonse. Iyi ndiyo yopusa, ndiyo yagwidwa."

Ndinailandila ndi manja awili. Inali kutentha, mtima wake ukugunda m'zala zanga.

"Pansi pa mpando pali kamtsuko," anapitiliza. "Ndi kanu. Ana anga angakagulitse kapena kukazinga. Inu munakazinga kale, simungabwelezenso." Anaseka pang'ono, n'kutsokomola. "Tsiku lija ndinabwela kuchokela kutchalitchi, ndinaona mapazi a njinga kuchokela kumseu mpaka pakhomo panga, gudumu lakumbuyo likuyenda ngati njoka. Mulungu alibe njinga, mwana wanga. Akanakhala nayo sikanakhala yopindika."

Anadziwa. Zaka zonsezo akuchitila umboni, anadziwa! 

"Ndinafuna kukupatsani nkhuku chaka chomwecho," anatelo. "Koma ndinali nditamva mmene mumamulankhulila galu. Ndinati zimenezi zikabwela kwa ine mwachindunji ndifa msanga. Kenaka ndinazolowela. Ndinaona kuti ndikakumasulani ndidzayamba kukuuzani zinthu pakhonde ngati anthu ena onse, ndipo ndidzaleka kupita nanu kwa Mulungu m'mawa. Ndili ndi ana asanu ndi atatu, adzukulu sindiwawelenga. Palibe mmodzi amene ndamutchula pamaso pa Ambuye kuposa inu."

Anatambasula dzanja, anapapasa mpaka anapeza mutu wanga, n'kulisiya pamenepo.

"Tsopano pakamwa pamasuka. Nenani zonse, ndakonzeka."

Zaka makumi atatu ndi ziwili ndinali nditasunga mau. Ndinali nditawakonza pochapa, posinja, popalasa njinga, ena okalipa, ena oseketsa, okwana kulankhula mpaka mvula kugwa. Ndinatsegula pakamwa, ine amene ahedi anali kundithawa, ndipo sipanatuluke kanthu. Ndinayesanso, nkhuku ndiyo inalila. Ndiye ndinachita chokhacho chimene ndinaphunzila pakhomo limenelo. Ndinatseka maso, n'kupemphela m'Chitumbuka chawo, kuwapempha Chiuta kuti awauze adada kuti ndathokoza kwambili, kuti phala lija ndinachita dala, ndiponso kuti asafulumile kupita chifukwa ndangowapeza kumene.

Sanandidule. Anadikila mpaka ndinamaliza, n'kunena ameni pansipansi.

Anakhala masiku khumi ndi limodzi. M'mawa uliwonse ndinali kugwada pafupi ndi mpando n'kunena kuti, "Mwawuka uli, adada?" iwo n'kuyankha kuti, "Nawuka makola, mwana wane," kenaka n'kudandaula za mchele, maso ndi maso. Moni khumi ndi mmodzi, ndinawelenga. Tsiku lakhumi ndi chiwili sanadzuke.

Pa Sondo lotsatila malilo ndinanyamula kamtsuko ndi nsalu yake yoyela kupita nako kutchalitchi, ndipo mvula itagwa ndinabyala pachulu paja ndekha, nditawelama bwinobwino. Nkhuku ya khosi lopanda nthenga ilipo mpaka lelo. Siikila, imaba chakudya m'khichini, ndipo imagona pa mpando wa chikopa pakhonde. Amuna anga ananenapo kamodzi kuti tiiphe alendo atabwela. Sananenenso.